Akuti mukajambulitse MRI ya chiwindi? Konzekerani chonchi

Anthuni, dokotala akanena kuti waona chotupa pachiwindi musathamangire kuganiza za maliro. Zotupa zambiri si khansa ayi, china chimakhala kathumba ka madzi chabe, china timitsempha ta magazi topiringizana tomwe amati hemangioma, munthu amatha kukalamba nacho osadziwa n'komwe. MRI, sikani yojambula m'kati mwa thupi pogwiritsa ntchito maginito, ndi imene imathandiza kusiyanitsa.

Musanawononge thiransipoti funsani kaye dokotala wanu, kaya ku Queens kaya kupulayiveti, kuti MRI ya chiwindi yobaya mankhwala akujambula kuti panopa. Yezetsaninso magazi, hepatitis B, AFP (chinthu cha m'magazi chomwe chimatha kukwera pakakhala khansa ya chiwindi) ndi impso. Za impsozi musazitenge mopepuka chifukwa mankhwala amene amabaya pamkono aja, gadolinium, amatuluka kudzera mu impso. Tengani buku lanu lakuchipatala ndi zotsatira za sikani yakale.

Tsikulo kawirikawiri amati musadye kwa maola 4. Ndolo, makiyi, foni, mapini am'tsitsi, zonse zitsale panja popeza makinawo ndi maginito amphamvu, ndipo ngati muli ndi chitsulo m'thupi, pacemaker (kachipangizo kothandiza mtima kugunda) kapena ndinu oyembekezera nenani musanalowe. Makinawo amasokosa ngati chigayo kwa mphindi 30 mpaka 45 koma sizipweteka. Chomwe ndikupempha kwambiri ndi ichi, akati gwirani mpweya gwiranidi, masekondi 15 kapena 20, mukapuma chiwindi chimasuntha ndiye chithunzi chimatuluka chosaoneka bwino, ndalama zapita basi. Yesererani kunyumba mutagona chagada.

Nanga amadziwa bwanji ngati ndi khansa kapena ayi? Amayang'ana mmene chotupacho chikumwera mankhwala. Khansa yoyambira m'chiwindi imawala msangamsanga kenako n'kuzilala kuposa chiwindi chonse, pa lipoti amalemba washout. Hemangioma imadzaza pang'onopang'ono kuyambira m'mbali kulowa pakati, pomwe kathumba ka madzi sikamwa mankhwala n'komwe.

Kwa amene ali ndi hepatitis B yokhalitsa kapena chiwindi chouma, lipoti limatha kukhala ndi LI-RADS, manambala osonyeza mpata woti chotupacho ndi khansa. LR-1 ndiye kuti si khansa, LR-5 ndi khansa, LR-3 ndi pakatikati ndipo amati mubwerenso pakatha miyezi 3 mpaka 6. Apapa ndi pomwe mtima umandiwawa, munthu poti sakumva kupweteka sabwereranso, chonsecho khansa ya chiwindi imakula mwakachetechete. Lembani detilo pakhoma. Chithunzi chikapanda kuyankha bwino amatapa kanyama ndi singano kukayeza ku labu, musakane chifukwa cha mantha, amayamba abaya kaye mankhwala ochititsa dzanzi.