Mpendadzuwa wa mitu isanu si dalitso ayi

Masabata awiri apitawa ndakhala ndikuyenda m'minda ya mpendadzuwa kuno ku Zomba, kuyambira ku Mayaka, kudzera ku Jali, mpaka kutsikira cha ku Chilwa, ndipo ndabwerako mutu ukuwawa. Palibe amene ndingamunene kuti ndi waulesi. Mizere ndi yowongoka, kupalira kunachitika pa nthawi yake, ena anabandira ndithu. Koma ukaima m'mbali mwa munda n'kuponya maso, zikuoneka ngati ana a Sitandade 1 ndi a Fomu 4 awafoletsa pa mzere umodzi. Phesi ili lalekeza m'chiuno, loyandikana nalo landipitirira msinkhu. Mutu uwu wawerama kale, kumsana kwake kwachita chikasu, pomwe pa phando lotsatira duwa likungoyamba kumasula. Ndiye pali ena aja amene andilembetsa nkhaniyi: phesi limodzi nthambi mbwee, timitu tinayi, tisanu, pena kuposa apo, kalikonse kosakwana chikhatho cha mwana.

M'munda wina pafupi ndi Jali ndinadzipatsa ntchito yowerenga. Pa mapando 40 a mzere umodzi, 11 anali a nthambi. Mzere wotsatira ndinapeza 9. Ndinkadziwa kale kumene mbewuyo inachokera, koma ndinafunsabe, ndipo yankho linali lomwe ndalimva pafupifupi m'munda uliwonse: "Ndi ya haibulidi yomwe ija, alangizi, tinasungako chaka chatha."

Si yomwe ija ayi. Yomwe ija inatha tsiku limene munang'amba paketi n'kubzala.

Mbewu ya haibulidi ili ndi makolo awiri osiyana, ndipo kampani imawasunga payokha. Pa chimanga, opanga mbewu amachita kuthothola ngayaye za mizere yaikazi ndi manja kuti isadzipatse yokha mungu. Pa mpendadzuwa zimenezo sizingatheke, chifukwa chimene timachitcha duwa chija ndi timaluwa mazanamazana tothithikana pa mutu umodzi, kalikonse kali ndi mbali yaimuna ndi yaikazi. Njira inapezeka ku France mu 1969, pamene katswiri wina dzina lake Leclercq anakwatitsa mpendadzuwa wolimidwa ndi wakutchire n'kupeza mtundu wosatulutsa mungu n'komwe. Posakhalitsa ku America anapeza mtundu wina umene umabwezeretsa mungu mwa ana a mtundu wosatulutsa mungu uja. Mbewu zambiri za haibulidi zimene zikugulitsidwa lero zikuchokera pamenepo. Tsono mvetsetsani apa. Kholo lachimuna kawirikawiri amasankha dala la nthambi zambiri, kuti timitu take tizimasula mosinthana, mungu uzipezeka masiku ambiri njuchi zikamanyamula kupita ku mizere yaikazi. Mwana woyamba, amene ali m'paketi mumagula ija, amatengera mutu umodzi wa mayi ake, nthambi za bambo zimabisala m'magazi. Mukabzala zidzukulu, zonse zobisika zimatulukira poyera. Pafupifupi phesi limodzi mwa anayi aliwonse limabwerera ku nthambi za agogo aamuna, ndipo enanso ochuluka chimodzimodzi amatengera agogo aakazi, osatulutsa mungu. Mapesi 11 aja pa 40 sanandidabwitse, masamu ake ndi omwewo.

Opanda mungu aja simungawadziwe muli patali. Amamasula bwinobwino, achikasu okongola, koma kuti njere zikhale ndi kanthu mkati, njuchi ziyenera kubweretsa mungu kuchokera pa phesi lina. Nanga njuchizo zili kuti, pamene mitengo tinamaliza kuotcha makala, ndipo ena akupopera mankhwala duwa lili chimasulire dzuwa lili pamutu? Zotsatira zake ndi mutu wooneka wodzaza, koma ukafinya njere ndi chikhadabo, phwa, khoko lokhalokha.

Vuto lalikulu kuposa nthambi, kwa ine, ndi kusakhwimira pamodzi. Munda wa haibulidi weniweni umamasula pafupifupi sabata imodzi, umakhwima pamodzi, ndipo mbalame umalimbana nazo masiku owerengeka. Munda wa mbewu yobwereza ndi phwando la mwezi wathunthu. Njiwa ndi mpheta zimayamba ndi mitu yoyambirira kukhwima, zikamaliza zimapeza ina yangofika kumene, ndipo ana amene mumawatuma kukaingitsa ajombe kusukulu mpaka liti? Mukati mudikire kuti wonse uume, woyambirira uja wayoyoka kapena mbewa zakwera. Mukati mudule wonse tsiku limodzi, mwasakaniza wouma ndi wauwisi pa mulu umodzi, ndipo pakangopita masiku atatu mulu uja wafunda, chuku chayamba. Mafuta a njere zachuku amanunkha, ndipo oyenga mafuta amadziwa pongonunkhiza m'thumba.

Kenako pamabwera sikelo. Mpendadzuwa sagulidwa poona kukula kwa thumba. Thumba limene linkalemera bwino chaka chatha, chaka chino ladzaza mpaka kukamwa koma munthu akulinyamula ndi dzanja limodzi, ndiye mkangano ndi mavenda uyambike, akuti sikelo yabedwa. Sindikuikira kumbuyo mavenda, sikelo zina zimabedwadi, tonse tikudziwa. Koma chaka chino ambiri mwadzibera nokha musanafike pa msika. Mbewu yakuda ya haibulidi imakhala ndi mafuta ofika 40 pa 100 kapena kuposa, kutanthauza kuti m'thumba la makilogalamu 50 muli mafuta olemera makilogalamu 20, ngakhale makina ang'onoang'ono a kumudzi safinya onse. Njere zikakhala zosakhwima, zamakoko, mafuta amatsika ndipo chimachuluka ndi keke ya ziweto. Amene mumapita nokha kukayengetsa mudzaona botolo likulekeza pakati.

Ndipo ntchito yonse ija inali yofanana. Kugalauza, kuunga mizere, kubzala, kupatulira, kupalira kawiri, aganyu munawalipira chimodzimodzi. Pa ekala imodzi pamangofunika mbewu yokwana makilogalamu awiri kapena atatu. Ndalama imene munapulumutsa ndi ya timapaketi timeneto basi, n'kutaya gawo la zokolola za ekala yonse.

Bambo wina wachikulire wa cha ku Mayaka, munthu amene anayamba kulima ine ndisanabadwe, sanafune kumva zimenezi. Ananditengera kukhitchini kwa mayi a kunyumba kwawo n'kundionetsa pamwamba pa mafuwa, pamene anapachika mitu ya mbewu chaka chatha. Chingwe chake chikadalipo, chakuda bii ndi mwaye. Akuti anayenda munda wonse kusankha mitu ikuluikulu yokhayokha, ina ngati lichero laling'ono, naipachika pa utsi kuti anankafumbwe asayandikire.

"Mwana wanga," anatero, "make mbuu, mwana mbuu. Mutu waukulu ungabale bwanji kamutu? Imeneyi ndi nthaka yatopa, kapena pali wina wandichita chipongwe."

Ndinati, "Bambo, kasankhidwe kanu kalibe cholakwa. Mukanachita zimenezi pa mpendadzuwa wamakolo uja wamizeremizere, bwenzi ndikukutengerani ku chionetsero kuti mukaphunzitse anzanu. Koma uyu ndi wina. Mutu waukulu uja ndi womwewo unabisa nthambizi."

Anaseka. Akuti nanga mitu isanu sikuposa umodzi? Tinabwerera kumunda, iwo anadula phesi la timitu tisanu, ine ndinadula la mutu umodzi, tinapukusa padera, mayi anabweretsa lichero. Atapeta za timitu tija, zambiri zinauluka ndi mphepo, zotsala zinali tinjere towonda tosadzaza dzanja. Za mutu umodzi zinachita kulira pa lichero. Bambo aja anaziyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Komabe mtengo wa paketi ija, mwana wanga, ukuudziwa?" Pamenepo ndinalibe chonena mwachangu.

Ndikuudziwa. Chiyambire pamene namondwe wa Freddy anakokolola minda kuno ndi ku Phalombe mu Malichi 2023, kenako ndalama ya kwacha n'kugwetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 mu Novembala chaka chomwecho, chilichonse cha m'sitolo ya zipangizo zaulimi chinakwera, ndipo mu Disembala ndalama imathamangira feteleza wa chimanga, mpendadzuwa amakumbukiridwa pomaliza. Zimenezo ndikuzimva. Chimene chimanditopetsa n'chakuti phunziro ili si lachilendo. Chimanga cha MH17 ndi MH18 chinatuluka mu 1990, ndipo kuyambira nthawi imeneyo alangizi takhala tikuimba nyimbo imodzi pa misonkhano, pa wailesi, m'minda yachitsanzo: haibulidi sabwereza. Pa chimanga ambiri munamva. Lero munthu yemweyo amene sangayerekeze kubzala chimanga cha haibulidi cha m'nkhokwe akubzala mpendadzuwa wobwereza kachitatu, ati poti ndi mbewu yongoponya. Walira mvula walira matope. Mukafuna zokolola za haibulidi, muvomerenso kugula chaka ndi chaka.

Enanso akuti anagula ndithu, koma ukafunsa kuti paketi ili kuti, akuti anachita kuyezeredwa pa kapu tsiku la msika. Njere zopaka utoto wofiirira si umboni wa chilichonse. Utoto aliyense atha kupaka kuseri kwa nyumba. Minda iwiri mwa imene ndinaona ya nthambi zambiri inali ya anthu amene analipira ndalama zawo kugula mbewu yobwereza ya mnzawo.

Tsono poti ambiri mwakhala mukundifunsa kuti mbewu yabwino ndi iti, ndinene mwachidule. Choyamba si dzina, koma gulu. Pali haibulidi, monga mbewu za kampani ya Pannar zokhala ndi mayina oyamba ndi PAN, ngati PAN 7351 ndi PAN 7049. Zimenezi ndi za mutu umodzi, zokhwimira pamodzi, za mafuta ambiri, koma zogula chaka chilichonse. Pali mbewu zosakhala za haibulidi, kuphatikizapo zamakolo zoyera kapena zamizeremizere zija. Izi mutha kusunga, zokolola zake n'zocheperapo, khoko lake n'lokhuthala ndipo mafuta ake ndi ochepa, komanso zikayandikana ndi munda wa mtundu wina njuchi zimazisakaniza. Ngati ndalama ya haibulidi palibiretu, kuli bwino kubzala yamakolo yosankhidwa bwino mukudziwa chimene mwabzala, kusiyana ndi zidzukulu za haibulidi. Kapena gulani paketi imodzi, mubzale theka la ekala, theka linalo muike nandolo.

Pakati pa mbewu za haibulidi zokhazokha, musandikakamize kutchula yopambana, chifukwa imene yachita bwino ku Thondwe, kumtunda kozizirirako, siingachite chimodzimodzi ku Chingale kotentha kapena m'dambo la Chilwa. Werengani pa paketi masiku okhwimira. Zambiri zimatenga pakati pa masiku 100 ndi 130, ndipo ngati mumabzala mochedwa kapena kwanu mvula imadula msanga, tengani yofulumira. Pa chionetsero cha m'munda musamangosilira kukula kwa mutu. Onani ngati mutu umawerama kuyang'ana pansi ukakhwima, chifukwa wotero mbalame zimavutika kuteramo ndipo madzi a mvula sakhazikika kumsana kwake n'kuuoletsa. Gwedezani phesi muone ngati lili lolimba, popeza lalitali kwambiri limagwa ndi mphepo. Tembenuzani masamba a m'munsi muone dzimbiri ndi mawanga akuda. Tswanyani njere za pakati penipeni pa mutu, osati za m'mphepete zokha, pakuti pakati m'pamene pamabisala makoko. Ndipo amene mudzamugulitse mum'funse mbewu isanagulidwe ngati akufuna yakuda yokha.

Zina zonsezi mukuzidziwa. Gulani kwa wogulitsa wovomerezeka, paketi yosatsegula, yokhala ndi chizindikiro chakuti mbewuyo inayesedwa, ndipo lisiti ndi paketi musunge mpaka mutakolola. Mbewu ya mafuta imafa msanga ikakhala potentha, choncho paketi yogonera chaka pa shelefu muiyese kaye: njere 20 pa kansalu konyowa, pakatha sabata muwerenge zomera. Mizere italikirane masentimita 75, mapando masentimita 30, phesi limodzi pa phando mukapatulira, ndiye kuti mapesi pafupifupi 18,000 pa ekala. Musakwirire mozama kupitirira masentimita 5. Bzalani kuyambira pakati pa Disembala mpaka pakati pa Januwale kuti adzakhwime mvula itatha. A m'makalabu sonkhani ndalama ya mbewu pogulitsa pomwepa, isanalowe ku zina.

Za munda wa chaka chinowu, palibe mankhwala ochotsa nthambi. Dulani mitu imene kumsana kwake kwasanduka kofiirira, muziyenda kawiri kapena katatu m'malo modula tsiku limodzi, yanikani motalikitsa pa mphasa kapena pa thandala osaunjika, petani kwambiri makoko achoke musanapite pa sikelo, ndipo pa zimene mukolole musapachikepo mutu ngakhale umodzi kukhitchini. Amene mukufuna tidzayendere limodzi munda wanu musanadule, uzani mlimi wotsogolera wa m'dera lanu andipeze.