Mmene Mungatsatirire Achinyamata a Baseball Muli ku Johannesburg

Mukasankha timu ya MLB (Major League Baseball, ligi yaikulu ya baseball ku America), monga Pittsburgh Pirates, yambani ndi mndandanda wa MLB Pipeline, umene umasanja achinyamata 30 odalirika a timu iliyonse. Zotsatira zawo muziziona pa MiLB.com (webusaiti ya maligi ang'onoang'ono a pansi pa MLB, kumene achinyamatawa amasewera) m'mawa, chifukwa masewera ambiri amayamba kuno kuli pakati pa usiku.

Chofunika kwambiri ndi kuyerekeza msinkhu wa wosewera ndi gawo la maligi ang'onoang'onowa limene ali, popeza wazaka 20 amene akuchita bwino mu Double-A ali ndi tsogolo kuposa wazaka 24 amene akuwala mu Single-A, gawo lotsika kuposa Double-A. Draft, nthawi imene matimu a MLB amasankha osewera atsopano mosinthanasinthana, imachitika mu Julaye, m'zigawo 20, koma sikhudza achinyamata okhala kuno ku Africa; iwowa matimu amawalemba mwachindunji, monga anachitira ndi Gift Ngoepe, amene anakulira ku Randburg n'kuyamba kusewera mu MLB ndi Pirates mu 2017.