Mwana wanga ankafuna kusiya netibolo, ndinachita izi

Mwana wanga wa Sitandade 5 kuno ku Luchenza anangosewera netibolo milungu iwiri, basi n'kuyamba kunena kuti, "Amayi, sindipitanso." Ndinamukalipira, ndinamulonjeza K500, koma sizinathandize.

Chimene chinathandiza n'kumufunsa modekha. Tikusenda nandolo pakhonde, maso ali m'lichero, ndinangoti, "Kodi chikukuvuta n'chiyani kumeneko?" Kenako ndinakhala chete, osamudula mawu. Patapita kanthawi anaulula kuti mpira umamupulumuka m'manja, anzake n'kumamuseka. Sunali ulesi ayi, anali manyazi, ndipo zinandikhudza kwambiri.

Tinagwirizana kuti amalize kaye teremu. Tinamanga mpira wa majumbo akale, osawononga ndalama, ndipo madzulo aliwonse tinkaponyerana kuseri kwa nyumba kwa mphindi 10. Teremu itatha, anandipempha yekha nsapato zosewerera.