Wodwala Akafooka Pakhomo: Kuitana Wansembe ndi Kumusamalira Mpaka Pomaliza

M'maparishi a Dayosizi ya Chikwawa, mabanja ambiri amaitana bambo mfumu wodwala atasiya kale kulankhula, poopa kuti mafuta oyera ndi otsanzikira. Kuchedwa kumeneku kumam'mana wodwala kulapa ndi Ukaristia. Sakramenti la Kudzoza Odwala ndi la aliyense amene matenda kapena ukalamba zayamba kumuika pangozi, ndipo matenda akakula amadzozedwanso.

Wodwala akafooka, uzani mtsogoleri wa mphakati kapena akatekisiti tsiku lomwelo, iwo aimbire ku parishi. Nenani dzina, mudzi, ngati wodwala akulankhula, ngati akumeza, ndi momwe msewu ulili. Kuyambira Januwale mpaka Malichi, Shire, Ruo ndi Mwanza zikasefukira, njira ya ola limodzi imatha tsiku, choncho m'dzinja musadikire mawa. Ngati ali pa chipatala cha Trinity ku Muona kapena Montfort ku Nchalo, pemphani anamwino akuitanireni wansembe.

Mtulo wosalipira kapena ukwati wosadalitsa zisakuchititseni manyazi. Pa ngozi ya imfa wodwala amakonza izi ndi bambo mfumu, ndipo lamulo la Mpingo limaletsa kumana wosauka masakramenti chifukwa cha ndalama.

Konzani katebulo kapena mpando, yalani nsalu yoyera, ikanipo mtanda, kandulo, kapu ya madzi ndi supuni. Polapa onse atuluke, ngakhale mkazi kapena mwamuna wake. Kenako bwererani, wansembe adzoza pamphumi ndi m'manja. Wodwala sasala ola limodzi asanalandire Ukaristia. Ngati akuvutika kumeza, nenani, apatsidwa kachidutswa kakang'ono ndi madzi. Akatekisiti sadzoza, ndi ntchito ya wansembe yekha, ndipo womwalira kale sadzozedwa, amangopemphereredwa.

Pomwe mabanja amakanganirana kwenikweni ndi pa chithandizo. Madokotala akanena kuti khansa yafalikira, mwana wa ku Joni amaimba kuti m'tengereni ku Queens, atumiza ndalama. Katekisimu wa Mpingo, pa nambala 2278, amalola kuleka chithandizo cholemetsa chimene sichingachiritse. Wosankha ndi wodwalayo ngati ali ndi nzeru zake, n'chifukwa chake mumufunse msanga, pamaso pa mwinimbumba, mawu ake asadzatsutsidwe. Choletsedwa n'kuchita kapena kusiya chinthu n'cholinga choti afe, monga kuonjezera dala mankhwala kapena kumumana chakudya chimene thupi likulandirabe.

Mofini wamadzi amene achipatala amapereka si wopha, ndipo nambala 2279 ya Katekisimu imalola mankhwala oletsa ululu. Mumwetseni pa maola 4 alionse monga analembera, usiku womwe, osati ululu ukabuka, chifukwa ukatero umavuta kuugonjetsa. Mofini amamanga m'mimba, choncho pemphaninso mankhwala ofewetsa chimbudzi. Botolo likhale kutali ndi ana.

Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kuno kuchigwa cha Shire kumapitirira madigiri 40, ndipo wogona pamphasa amauma msanga. Mutembenuzeni pa maola 2 alionse kuti asachite zilonda m'chiuno, ndipo muzimupukuta ndi nsalu yonyowa. Akasiya kumeza, lekani phala. Kumukakamiza kumalowetsa chakudya m'mapapo, amatsamwa. Ingonyowetsani milomo ndi kansalu koviika m'madzi. Amayi a mphakati agawane maola ochezera, kuti womudwazika, amene nthawi zambiri amakhala mmodzi yemweyo, agoneko.