Mwendo ukayamba kukana kuyenda, musathamangire mphini

Abale anga a kuno ku Kasungu, makamaka inu madala a fodya a ku Chamama, Santhe ndi Chulu, nkhaniyi ndi yanu. Mumanena kuti "mwendo wangotopa ndi ukalambawu", koma tamvetserani kaye. Mukayenda kamtunda katumba wa mwendo nkuyamba kuwawa ngati wakokana, mukaima pang'ono ululu nkutha, mukayambanso kuyenda nkubweranso pa mtunda womwewo, nthawi zambiri ndi mitsempha yopititsa magazi kuphazi yomwe yatsekeka ndi mafuta. Zomwe zimabweretsa vutoli kwambiri ndi kusuta, shuga, BP ndi ukalamba. Chingambwe nachonso ndi fodya, osamati poti ndalima ndekha ndiye sichipweteka ayi.

Zikafika poipa phazi limazizira, limawawa usiku mpaka munthu amagona atalendewetsa mwendo pansi pa bedi kuti apumeko, kabala ka chisonga kamatha miyezi osapola, kenako chala nkuda bii. Apa ndi pomwe madokotala amatchula opaleshoni ya bypass.

Inu a kudimba muimva msanga. Ngalande ikatsekeka pakati, mumakumba ina yolambalala kuti madzi afike kumabedi akumunsi. Dokotala nayenso amachotsa mtsempha wautali wa mkati mwa mwendo wanu womwewo, kapena amatenga kapaipi kapulasitiki, nkusokerera kumtunda ndi kumunsi kwa potsekekapo, magazi nkumadutsa njira yatsopanoyo. Mtsempha wanuwanu ndi umene umakhalitsa kuposa pulasitiki, makamaka njirayo ikatsika kupitirira bondo. Zikayenda bwino ululu wausiku uja umatha, bala limapola, mwendo womwe ukanadulidwa umapulumuka.

Koma ndisakunamizeni, si opaleshoni yamasewera. Bala la m'mphechepeche limatha kuchita mafinya, magazi amatha kutayika ambiri, mwendo umatupa kwa masabata angapo, ndipo njira yatsopanoyo nayo imatha kutsekeka magazi akaundana, ena mpaka amadulidwabe mwendo pambuyo pake. Choopsa chenicheni ndi mtima, poti mafuta omwe atseka mwendo amakhala alinso m'mitsempha ya mtima ndi ya kumutu, ndiye munthu atha kugwidwa ndi mtima kapena sitiroko nthawi ya opaleshoni kapena masiku otsatira. Nchifukwa chake amayeza mtima ndi impso kaye, ndipo kwa munthu amene akungomva ululu poyenda basi, sathamangira mpeni, amayamba ndi mankhwala ndi kuyenda.

Kuyendako ndi mankhwala enieni ndithu. Muziyenda mpaka katumba awawe, mupume, muyambirenso, mphindi 30 kapena kuposa, katatu pa sabata, kwa miyezi 3 osadukiza. Timitsempha ting'onoting'ono tam'mbali timazolowera kunyamula magazi. Aspirin ndi mankhwala otsitsa mafuta m'magazi muzimwa monga akuuzirani kuchipatala, osati kukagula nokha pa grosale.

Chomwe chimandiwawa ine ndi ichi, munthu wapanga opaleshoni, wawononga ndalama ya mabelo onse pa ma transipoti ndi olondera odwala, wabwera kunyumba nkuyatsanso ndudu. Opaleshoni yangolambalala potsekeka, matendawo akadali m'thupi, ndiye utsi umatsekanso njira yatsopanoyo msanga. Kulima fodya limani, kusuta ndiye kusiyeni.

Amayi, muziwayang'ana mapazi abambowo madzulo aliwonse, pakati pa zala ndi kuchidendene, makamaka ngati ali ndi shuga chifukwa phazi la dzanzi silimva kubayidwa. Asapite kumunda opanda nsapato. Miyezi ya Juni ndi Julayi asaike phazi lozizira pafupi ndi moto kapena m'madzi otentha, amapsa osadziwa. Ndipo chonde osatema mphini pa mwendo woterewu, magazi ochiritsa balalo safikako.

Bala likatha masabata 2 osapola pitani ku helesenta, mutenge kabuku kanu ka kuchipatala, muwapemphe agwire kugunda kwa mtsempha pamwamba pa phazi ndi kuseri kwa kakolo, ayezenso shuga ndi BP. Akaona kuti nkofunika akutumizani ku chipatala cha boma cha Kasungu, kenako ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Koma mwendo ukazizira mwadzidzidzi, kuwawa kwambiri nkumakanika kugwedeza zala, musadikire kuti kuche, pezani kabaza kapena galimoto usiku womwewo.