Kuyamba madiredi ndi kuwasamala m'fumbi la Lilongwe

Madiredi sapangidwa ndi jelo kapena phula. Amapangidwa ndi tsitsi lanu lomwelo, lija limathothoka tsiku ndi tsiku. Munthu aliyense amataya timatsitsi pakati pa 50 ndi 100 patsiku. Kwa wopesa timatsalira pa chipeso n'kutayidwa, koma kwa amene wasiya kupesa timakodwa m'kati mwa tinzake, n'kumapiringizana mpaka kulimba. Tsitsi lathu lopotanali limachita zimenezi mosavuta, bola likhale loyera ndipo lisamakokedwe. Mavuto ambiri amene amayi amapita nawo ku saluni, kaya ndi ku Area 25, ku Kawale kapena ku Area 47, gwero lake ndi magawo odulidwa molakwika tsiku loyamba, zopakapaka zochuluka, ndi kupota pafupipafupi mothinitsa.

Musanakhale pampando

Ngati tsitsi lanu linathiridwa mankhwala owongola, dikirani kuti lachilengedwe limere kaye, kenako mudule lowongolalo. Lowongola siligwirana bwino, ndipo limaduka pamalo pamene lakumana ndi latsopano. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, choncho masentimita 5, amene ndi abwino poyambira, amatenga miyezi 5 kapena 6. Ngati mwangomasula meshi, pumitsani mutu sabata imodzi kapena ziwiri. Mayi amene wangochira kumene adikirenso, chifukwa miyezi 3 kapena 4 mwana atabadwa tsitsi limathothoka kwambiri, makamaka pamphumi, ndipo gawo lodulidwa nthawi imeneyo limadzatsala lopyapyala.

Tsiku loyambira, tsukani kawiri ndi shampu kuti vasilini ndi mafuta akale achoke. Musapake chilichonse chofewetsa tsitsi, pakuti tsitsi loterera limachedwa kugwirana.

Kugawa mutu

Apa mpofunika kudekha, chifukwa gawo limene ladulidwa lero ndi limene mudzakhale nalo zaka zonse. Kukula kwa gawo ndiko kumapereka kunenepa kwa diredi, komanso ndiwo muzu umene udzanyamule kulemera kwake likadzafika pamsana. Gawo lapakatikati limatulutsa diredi lonenepa ngati pensulo, ndipo mutu wonse umakhala ndi madiredi a pakati pa 80 ndi 120 malinga ndi kuchuluka kwa tsitsi. Ofuna akuluakulu amakulitsa magawo, n'kupeza 40 mpaka 60. Ang'onoang'ono kwambiri amapitirira 200, ndipo ngokongola ndithu, koma dziwani kuti adzafuna maola ambiri ndi ndalama zambiri nthawi iliyonse yokonza mizu.

Gwiritsani ntchito chipeso chokhala ndi mchira wosongoka, ndipo yambirani kunkhongo kukwera kuliwombo. Mizere isalunjikane. Gawo la mzere wapamwamba likhale pakati pa awiri a mzere wapansi monga mmene amayalira njerwa, kuti diredi lililonse lizigwera pa mpata n'kuphimba khungu. Mukalunjikitsa, mutu umaoneka mizere yoyera kuyambira pamphumi mpaka kumbuyo, ndipo palibe chimene mungadzachite kuti isamaoneke.

M'mphepete mwa mutu, pamphumi ndi pamwamba pa makutu, tsitsi limakhala lofewa ndi lochepa. Okonza tsitsi ambiri amachepetsa magawo pamenepa kuti nkhope ioneke bwino, koma kumeneko n'kulakwitsa. Magawo a m'mphepete akhale ofanana ndi enawo, kapena okulirapo pang'ono. Timatsitsi tatifupi ta pamphumi tisiyeni tokha, musatikakamize kulowa m'diredi. Nenaninso msanga ngati mumakonda mzere wapakati kapena wam'mbali, kuti udulidwe koyambirira. Pemphani kalilole muone kunkhongo mizere iwiri yoyamba ikatha. Musachite manyazi kunena kuti, "Achemwali, apa mwachepetsa, tabwerezani." Kumasula magawo khumi lero n'kosavuta kusiyana ndi kulumikiza madiredi oduka chaka chamawa.

Njira zoyambira

Tsitsi la masentimita 3 mpaka 6 limayambidwa popota ndi chipeso: mumakola gawo ndi mano ang'onoang'ono a chipeso, n'kumazunguza mukukokera kunsonga mpaka litapotana. Njira imeneyi imatulutsa madiredi obulungira bwino, koma imamasuka msanga ikakumana ndi madzi kapena thukuta. Amene wasankha imeneyi ayambe pakati pa May ndi August, kusanatenthe. Kuyamba mu October kumatanthauza kubwerera ku saluni sabata ndi sabata.

Tsitsi la masentimita 8 kupita mtsogolo ndi bwino kulipota pawiri, kutanthauza kugawa gawo lililonse pakati n'kupotanitsa mbali ziwirizo. Limagwira kuposa la chipeso, ndipo mizere yopotayo imazimiririka pakatha miyezi 6 mpaka chaka. Kuluka patatu kumagwira kwambiri, koma diredi limatha kutuluka lophwatalala ndipo maluko amaonekabe kupitirira chaka.

Pali kulowetsa nsonga pamuzu, njira imene imayenera amayi otuluka thukuta kwambiri, otsuka pafupipafupi, ndi a madiredi ang'onoang'ono. Nsonga ya diredi imalowetsedwa pansi pa muzu wake n'kukokedwa, koyamba kuchokera kumwamba, kachiwiri kumanja, kachitatu kumunsi, kachinayi kumanzere. Lamulo lake ndi limodzi: osalowetsa mbali imodzi kawiri motsatizana. Mukatero muzu umagawika pawiri n'kusiya bowo, ndipo diredi limadzadukira pomwepo. Dzina loti Sisterlocks limene mumamva m'masaluni ndi la njira imene anayambitsa Dr JoAnne Cornwell ku America mu 1993, ndipo ili ndi kagawidwe kake, zida zake ndi maphunziro ake. Madiredi ang'onoang'ono ambiri amene amatchedwa dzinali m'tauni muno ndi olowetsa pamuzu wamba. Alibe vuto, koma musalipire mtengo wa dzina.

Singano ya kroshe ya mamilimita 0.5 kapena 0.75 imapanga diredi lolimba tsiku lomwelo. M'manja mwa wodziwa ndi yabwino. M'manja mwa wophunzira imadula tsitsi m'kati, ndipo kuwonongekako kumadzaoneka patapita miyezi. Mukamva kuthetheka pamene singano ikutuluka, ndiye kuti tsitsi likuduka.

Chaka choyamba

Pakati pa mwezi wachitatu ndi wachisanu ndi chimodzi madiredi amafufuma, amachita timfundo pakati, amafupika, ndipo tsitsi limayima mbali zonse. Apa ndi pamene ambiri amataya mtima n'kuyamba kuthira jelo wambiri kapena kumeta kumene. Kufufumako ndiye umboni woti tsitsi layamba kugwirana m'kati. Kulimba kwenikweni kumabwera pakati pa chaka chimodzi ndi theka ndi zaka ziwiri.

Zoti madiredi atsopano asakhudze madzi miyezi itatu ndi bodza limene ladwalitsa mitu yambiri. Tsukani koyamba pakatha masabata 2 mpaka 4. Valani kachisoti kopyapyala kaja amavala pansi pa wigi, sungunulani supuni imodzi yaikulu ya shampu m'kapu ya madzi ofunda, thirani pamwamba pa kachisotiko, n'kumasisita khungu ndi nsonga za zala, osati zikhadabo. Tsukuluzani mpaka madzi atayera mbee, ndipo mukaona ngati mwamaliza tsukuluzaninso. Ena akamasuka, apoteninso. Akalimba, tsukani masabata awiri aliwonse, ndipo nyengo ya fumbi ndi thukuta, kuyambira August mpaka mvula itagwa, sabata iliyonse ngati mungathe.

Sopo wochapira zovala asafike m'mutu. Akakumana ndi madzi a mjigo okhala ndi mchere wambiri amasiya zoyera zomata m'kati mwa diredi, zimene sizichoka ndi kutsukuluza wamba. Ngati kwanu mumadalira mjigo kapena chitsime, kamodzi pamwezi malizani ndi supuni 4 zazikulu za viniga wa maapozi m'theka la lita ya madzi, dikirani mphindi 5, n'kutsukuluza.

Kuumitsa n'kofunika mofanana ndi kutsuka. Diredi limauma kunja m'kati muli madzi, ndipo mukagona nalo kapena kulimanga duku lidakali lonyowa limachita chuku n'kuyamba fungo lovuta kuchotsa. Tsukani m'mamawa. Finyani madiredi angapoangapo ndi manja, kulungani ndi sikipa yakale ya thonje m'malo mwa thaulo la ubweya, kenako khalani padzuwa kapena pansi pa makina oumitsira mphindi 45 mpaka ola. Mu June ndi July, komanso masiku a mvula yamvumbi, madiredi onenepa amatha tsiku lonse asanaume. Yesani pofinya limodzi la kunkhongo pakati pa zala. Likamveka lozizira, silinaume.

Zopaka

Chimene chalowa m'diredi sichituluka mosavuta, choncho funso lofunika pa chopaka chilichonse ndi lakuti, kodi chimasungunuka m'madzi? Phula la njuchi, vasilini ndi mafuta olimba a m'chitini sizisungunuka. Zimamata fumbi, ndipo diredi lotere mukalidula pakati mumapeza phala lotuwa. Chofewetsa chenicheni ndi madzi. Thirani madzi owiritsa ndi kuziziritsa okwana mamililita 200 m'kabotolo kopopera, onjezani supuni 2 za madzi a aloe vera, ndipo popani pang'ono kawiri kapena katatu pasabata. Sungani pozizira ndi kutaya zotsala sabata ikatha, chifukwa zimasasa.

Mafuta ndi a pakhungu, osati omiza diredi. Mafuta a nsatsi ndi abwino m'mphepete mouma, koma ngolemera, choncho sakanizani supuni imodzi ndi supuni 3 za mafuta opepuka monga a malambe. Dontho limodzi pachala limakwana magawo anayi kapena asanu. Amene mumayenga nokha mafutawa kunyumba, ikani njere za nsatsi patali ndi ana, chifukwa zikatafunidwa ndi poizoni.

Kupota mizu

Potani pakatha masabata 4 mpaka 6, ndipo olowetsa pamuzu adikire 6 mpaka 8. Potani tsitsi likadali lonyowa pang'ono, mbali imodzimodzi nthawi zonse, kuzunguza kawiri kapena katatu basi, n'kupana ndi kakilipi mpaka liume. Lowuma likapotedwa limaduka. Mukatha kutsuka kulikonse, lekanitsani mizu ndi zala kuti madiredi oyandikana asagwirane.

Kuthina si kukongola. Ngati mukachoka ku saluni nsidze zakwera, mutu ukuwawa, kapena m'mphepete mwatuluka tizilonda toyera, tsitsi lakokedwa mopitirira. Nyowetsani mizuyo ndi madzi ofunda usiku womwewo kuti imasuke. Kukoka kotereku kukapitirira zaka kumapha mizu ya tsitsi, mphumi imayamba kulowa m'kati, ndipo khungu likafika posalala n'kuwala palibe mafuta amene angameretsenso. N'zomvetsa chisoni kuona mayi wa madiredi okongola ofika m'chiuno atatha tsitsi lonse lapatsogolo chifukwa chofuna mizu yooneka yatsopano Lamlungu lililonse. Masitayelo omanga pamwamba asapitirire masabata awiri, ndipo muzisinthasintha pomangira.

Fumbi, utsi ndi nkhata

Pokwera kabaza m'misewu yafumbi ya ku Chinsapo kapena ku Mtandire, mangani duku. Chitaninso chimodzimodzi posesa pabwalo ndi pophika pa nkhuni, chifukwa madiredi amasunga utsi. Duku la chitenje limamwa chinyezi cha tsitsi ndi kukhula m'mphepete, choncho yambani ndi kansalu ka satini m'kati, ndipo mfundo isakhale malo amodzi tsiku lililonse. Pogona valani satini yemweyo. Bulangete ndi juzi ya ubweya ya nyengo yozizira zimasiya tiulusi m'madiredi a kunkhongo, timene tikalowa m'kati sitituluka. Tichotseni ndi zala tikadali pamwamba. Amene mumasenza madzi kapena katundu, gwetserani madiredi a paliwombo m'mbali musanaike nkhata, kuti kulemera kusatsamire pa mizu yopindika.

Zikavuta

Mfundu, tija toyera toyabwa tothothoka pakhungu, sitithetsedwa ndi mafuta, ndipo mafuta ambiri amatiwonjezera. Gulani ku famase shampu wokhala ndi ketoconazole, pakani pakhungu, dikirani mphindi 5 musanatsukuluze, kawiri pasabata kwa masabata 2 mpaka 4. Chipere cha m'mutu, chimene chimagwira kwambiri ana, sichimva zopaka zokha. Chimafuna mankhwala akumwa ochokera kuchipatala, ndipo zipeso, maduku ndi mapilo zisabwerekedwe.

Kwa ana, magawo akhale aakulu ndipo kupota kukhale kwa apo ndi apo, chifukwa mizu yawo njanthete. Pa nkhani ya sukulu, mu May 2023 bwalo lalikulu la milandu ku Zomba, kudzera mwa Justice Zione Ntaba, linagamula kuti kukaniza ana achirasta m'sukulu za boma chifukwa cha madiredi n'kosemphana ndi malamulo a dziko lino. Ngati mwana wanu ali pa sukulu yoti si yaboma, kambiranani ndi aphunzitsi aakulu musanamuyambitse.

Madiredi olemera, omata ndi otuwa chifukwa cha zopaka zakale anyikeni m'beseni la malita 5 a madzi ofunda momwe mwasungunula supuni 2 zazikulu za soda wophikira. Finyani mobwerezabwereza kwa mphindi 10 mpaka 15, tsukuluzani, kenako thirani madzi a viniga aja. Musasakanize soda ndi viniga m'beseni limodzi, zimaphana mphamvu. Soda amaumitsa tsitsi, choncho musapitirire kawiri pachaka.

Muzu ukapyapyala, siyani kuupota miyezi iwiri ndipo muzikulungira timatsitsi tatsopano tozungulira pamenepo. Ukapitirira kuchepa, lumikizani diredilo ndi loyandikana nalo: potani mizu iwiriyo pamodzi kapena lowetsani lofookalo pamuzu wa lolimbalo, ndipo zikagwirana pakatha miyezi ingapo mutha kudula nsonga imodzi. Diredi likaduka, lisungeni loyera ndi louma m'kathumba. Pamene lachokapo pakamera masentimita 4 kapena 5, wodziwa kroshe angathe kulilumikizanso pomasula nsonga yake yodukayo ndi kuilukanitsa ndi tsitsi latsopanolo, popanda ulusi kapena guluu.