Kupanga positala yoti anthu asamataye zinyalala paliponse

Mwafunsa poyambira popanga positala yotereyi. Yambani ndi uthenga umodzi basi. Ambiri amaphonya pomwepa: za zinyalala, za kuvota, za katangale, zonse papepala limodzi, ndiye wodutsa sawerenga n'komwe. Mawu asapose 7, ndipo amuuze munthu chochita. "Tayani m'bini" amamveka msanga kuposa "Ukhondo ndi wofunika."

Kenako chithunzi, chimodzinso: dzanja likuponya botolo m'bini, basi. Zithunzi zonyansa zoopsezera anthu ine sindizikonda, munthu amangotembenuza nkhope.

Mitundu iwiri kapena itatu yakwana. Zilembo zakuda pachikasu zimaoneka patali. Pa Canva, pulogalamu yopangira mapositala ndi zithunzi, kapena pulogalamu ina sankhani saizi ya pepala ya A3, yomwe ndi mamilimita 297 ndi 420, muike 300 dpi (kuchuluka kwa timadontho ta chithunzi pa inchi imodzi) kuti chithunzi chisatuluke chosaoneka bwino, ndipo zilembo muzitalikitse m'mphepete, zingadukeko podula pepala.

Musanasindikize zambiri, tulutsani imodzi muimate pakhoma. Itanani wina amene sanaionepo, aime mamita 5, ayang'ane masekondi atatu okha, kenako anene zomwe wamva. Akayamba kukanda mutu, chotsani mawu ena muyesenso.